Mankhwala a Manja Awiri

"Werenganso pamenepa. Mokweza, amayi amve nawo."

Mwamuna wa Telala analoza pepala lachipatala ndi chala chakuda ndi mwaye wa zitsulo. Telala sanalilandire. Anali atakhala pampando wa makina ake osokera, dzanja lili pakhosi pomwe chotupa chinali chitafika ngati dzira la bakha. Mawu a pa mzerewo ankawadziwa pamtima.

"Akuti ndisatenge pakati nthawi yonse yomwe ndikulandira mankhwalawa, ndi chaka china chathunthu ndikamaliza."

"Mwamva, amayi?"

Apongozi a Telala anali atakhala pafupi ndi chitseko, akusankha nyemba m'beseni. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndamva kalekale. Chipatala chanji cholowa mpaka kuchipinda kwa anthu? Ana atatu, onse aakazi, ndiye wina wangovala chijasi choyera akuti tsekani. Dzina la bambo ako lithere pa iwe, mwana wanga?"

"Amayi, wotseka si dokotala, ndi ichi," anatero Telala, akugwira chotupacho. "Kawiri konse ndalandira mankhwala aja othothola tsitsi. Chinaphwa, chabweranso. Adokotala anena mosabisa kuti mankhwala akalewo afika pothera mphamvu zake."

"Ndiye atsopanowa ndi amene ali ndi mphamvu?" anafunsa mwamunayo. "Pamwamba apa alemba kuti kafukufuku. Ine kusukulu sindinapite patali, koma kafukufuku ndimamudziwa. Akufuna akuyesere ngati khoswe."

"Sanandinamize, bambo. Anena okha kuti akuyesa, ndipo sakulonjeza kanthu. Ena amathandizika, ena ayi. Koma anandifotokozera mpaka ndinamva. Akuti m'thupi mwathumu muli asilikali, aja amalimbana ndi matenda. Tsono khansa ndi yochenjera, imadzionetsa ngati mwini nyumba, asilikali n'kumangoidutsa. Ndiye akatswiri anatenga tizidutswa tiwiri ta mapuloteni n'kutilumikiza kukhala chinthu chimodzi cha manja awiri. Dzanja lina limagwira khansa, lina limagwira msilikali, n'kuwakokera pamodzi maso ndi maso. Msilikali uja akadzidzimuka, amayamba ntchito yake."

Mwamunayo anaseka chiseko chopanda chimwemwe.

"Kulumikiza! Wolumikiza zitsulo pakhomo pano ndine. Chinthu cholumikiza chimathyokera pomwe analumikizapo. Pepalali ukabweze mawa."

"Ndasayina kale."

Nyemba zinasiya kulira m'beseni. Panja, ana atatu aja anali kusewera fulaye, ndipo phokoso lawo linamveka ngati likuchokera kutali.

"Wasayina," anatero mwamunayo pang'onopang'ono. "Osandifunsa. Mutu wa banja lino ndi ndani?"

"Mutu ndinu, bambo, sindinakanepo. Koma khosi lotupali ndi langa."

"Ukumva mayankhidwe akewo?" anatero apongozi. "Mankhwala sanayambe n'komwe, mwano wayamba kale."

 Panali chinthu chimodzi chomwe Telala anafunika kupempha, ndipo anadziwa kuti nthawi yake yaipa.

"Lolemba ndikagona kuchipatala masiku atatu. Akufuna munthu wondidikirira."

"Amene wakuuza kuti usayine akakudikirire yemweyo," anatero mwamunayo. Anatenga chigoba chake chotchingira maso n'kutuluka, ndipo posakhalitsa makina owotcherera anayamba kuthetheka pabwalo.

Lolemba m'mawa anamuperekeza ndi achemwali ake, mayi wamasiye wogulitsa masamba pamsika, wa pakamwa posachedwa. Wodi inali ya mabedi asanu ndi limodzi, mazenera ake oyang'ana kuchingwe choyanikira nsalu zachipatala. Pabedi loyandikana nalo panali mphunzitsi wina wamkazi, woonda, chotupa chake chili kukhwapa, akuchonga makope a ana asukulu diripi ili padzanja.

Namwino wamtali wa mpata m'mano anamuyeza magazi ndi mkodzo, n'kumupatsa mapaketi atatu a mapiritsi olera.

"Awa tsiku lililonse, osadumphitsa. Tsopano mvetserani nonse awiri, kuti musadzathawe. Pakapita maola angapo thupi litentha, mwinanso kunjenjemera kwambiri. Asilikali akadzuka onse nthawi imodzi sadzuka mwaulemu. Ife tili pompano ndipo mankhwala oziziritsa tili nawo. N'chifukwa chake timayamba ndi mlingo wochepa, n'kumaonjezera sabata ndi sabata. Koma mukadumpha masabata awiri osabwera, malo anu timapereka kwa wina. Malo ndi khumi ndi awiri okha, odikira ndi ambiri."

"Uyu sangadumphe," anatero achemwali. "Ndikhoza kumubereka kumsana ngati kale."

Mankhwala ake anali madzi oyera mbee, osasiyana ndi a pampopi. Telala anawayang'ana akudontha ndipo anadabwa kuti nkhondo yonse ya kunyumba ija inali ya timadzi timeneti.

Kutentha kunabwera cha m'ma 3 koloko masana, nthawi yoona odwala itangokwana. Kunayambira m'mafupa. Mano anayamba kugundana, bedi lonse n'kumagwedera, thukuta lili kamukamu. Achemwali anathamanga kukaitana namwino. Mwa tsoka, nthawi yomweyo ndi imene mwamuna wake analowa m'wodimo, atavala malaya ochapa, jumbo ya malalanje ili m'manja, amayi ake ali pambuyo.

Telala anawaona ngati ali mu utsi. Anafuna kunena kuti zimenezi anatiuza kale, koma lilime linakana. Anangomva malalanje akugubuduka pansi ndi mfuu ya apongozi.

"Mayo ine! Amupha! Walowa muno akuyenda yekha, taonani lero!"

"Chotsani chimenechi!" anakuwa mwamunayo, akulunjika padiripi. Achemwali anamutchinga ndi thupi lawo lonse.

"Alamu, mukangogwira chingwe chimenecho mundidziwa lero."

Dokotala anafika, mayi wamfupi wa imvi za m'mbali. Sanakweze mawu. Analamula namwino kuti abaye jakisoni ndi kuonjezera madzi, kenaka anatembenukira kwa mwamunayo.

"Bambo, zimene mukuonazi timaziyembekezera. N'zoopsa kuziona, ndipo sitizitenga mopepuka, n'chifukwa chake ali pano pamaso pathu. Pofika mawa akhala atapezako bwino."

"Ndikumutenga. Ndi mkazi wanga."

"Ndi mkazi wanu, inde. Koma wosankha kukhala kapena kuchoka ndi mwini thupi. Akatsitsimuka tidzamufunsa."

Alonda anawatulutsa onse awiri, apongozi akulira mokweza mpaka kukhonde.

Tsiku lachitatu Telala anadzuka mutu uli wopepuka. Anagwira pakhosi, n'kugwiranso. Chotupa chomwe chinali gwa ngati mwala chinali chitayamba kufewa m'mbali. Anamwa tiyi kapu yonse osatsamwa. Mphunzitsi wa bedi linalo anamuuza kuti naye sabata yoyamba anaona ngati akufa, koma yachiwiri kunali kutentha pang'ono chabe. Anaseka limodzi, ndipo Telala analonjeza kumusokera diresi akadzanenepa.

Masana mwamuna wake anabwera yekha. Sanakalipe. Anakhala pamphepete pa bedi, maso ali ofiira, n'kudikira kuti achemwali apite kukatsuka mbale.

"Sindinagone masiku awiri," anatero. "Ndimangokuona ukugwedezeka paja. Iwe ukuti ndimakuda, koma ine ndi amene ndidzakuike m'manda anthu awa akadzamaliza kuyesa zawozo."

"Tagwirani apa, bambo. Chafewa."

Sanagwire.

"Amayi atenga ana, apita nawo kwawo. Akuti sangakulire m'nyumba ya mkazi wosamva mwamuna. Ukatuluka lero n'kusiya zimenezi, mawa ana abwera. Ukapitiriza, usabwerenso kunyumba. Ana ukawapemphe kwa amayi, ngati angakulole kuwaona."

"Wamng'onoyo ali ndi zaka zitatu. Sagona popanda ine."

"Ndiye ukudziwa chochita."

Telala anayang'ana nsalu zoyanikidwa kunja zikuuluzika. Anaganiza za kamwana kake kakulira pamalo achilendo, ndi za wamkulu yemwe mayeso ake anali pafupi. Anadziuza kuti masabata awiri ndi ambiri. Apita kunyumba, ana abwera, mitima izizira, ndipo adzabwerera nthawi isanathe.

Dokotala anamufunsa katatu, atatulutsa mwamunayo panja, ngati kusiyako kunali kufuna kwake. Katatu konse Telala anati inde, maso ali pansi.

"Sindikufufutani m'kaundula lero," anatero dokotala. "Malo anu ndiwasunga mpaka tsiku lomaliza."

Achemwali anatuluka naye mpaka pageti. Pamenepo ndiye anaphulika.

"Ndasiya masamba anga akufota pamsika chifukwa cha iwe! Ana amabwezedwa, mng'ono wanga, tikanapita kwa ankhoswe, tikanapita kukhoti. Moyo ukaubweza kuti?"

Ana anabweradi tsiku lotsatira, agogo awo ali nawo, ndipo agogowo sanabwererenso kwawo. Anayala mphasa pabalaza, pakati pa chipinda ndi chitseko chotulukira. Tsiku lomwelo anapeza mapiritsi olera m'chikwama cha Telala. Anawanyamula poyera, ana akuona, n'kukawaponya m'chimbudzi. Buku lachipatala ndi foni mwamuna anazitsekera m'bokosi lake la zipangizo. Ndipo chitseko cha kuchipinda chikatsekedwa, kukana kwa Telala kunalibe wokumva.

Sabata yoyamba chotupa chinapitirira kuphwa. Anthu obwera kudzasoketsa ankamuuza kuti nkhope yabwerera. Apongozi ndi amene ankayankha.

"Mapemphero amenewo, ndi masamba omwe ndikumuwiritsira. Akanakhala kuja bwenzi pano tikulira maliro."

Telala ankangopalasa makina, akuwerenga masiku mumtima. Tsiku lachisanu ndi chinayi anayesa kuyamba nkhaniyo pa chakudya, mwamuna n'kukankha mbale n'kutuluka. Tsiku lakhumi ndi chimodzi anavala kuti apite kumsika kukagula ulusi, apongozi n'kunena kuti ulusi akagula okha.

Tsiku lakhumi ndi chitatu, cha m'mawa, anamva mawu odziwika pabwalo. Anasuzumira pakatani. Anali namwino uja wa mpata m'mano, atavala zakunyumba, ambulera ili m'manja, akulankhula ndi mwamuna wake pakati pa mafelemu a mazenera.

"Foni yawo sikugwira, ndiye ndati ndidzere. Mawa ndi tsiku lomaliza. Ndingowaona pang'ono, ndimve kuchokera pakamwa pawo."

"Kulibe. Anapita kwawo."

"Makinawo ndawamva akulira ndili pamsewu, bambo."

"Ndiye mwayamba kundiyesa wabodza pakhomo panga?"

Telala anaimirira. Kuchokera pamakina kufika pachitseko panali mapazi asanu okha. Apongozi anali atakhala pakhomo penipeni, kamwana kakang'ono kali pamiyendo pawo, akukaluka tsitsi. Anamuyang'ana, n'kukumbatira kamwanako ndi manja onse awiri.

"Tuluka," anatero motsitsa mawu. "Basi ya masana tikwera ine ndi ana."

Kamwanako kanamwetulira mayi ake, tsitsi lili theka loluka. Telala anaima pomwepo mpaka anamva mapazi a namwino akuchoka. Kenaka anakhalanso pansi n'kusoka mkono wa malaya chagada, ndipo anazindikira atamaliza.

Chotupa chinabwerera mwaukali kuposa kale. Pofika sabata yachinayi chinali chitaoloka kufika mbali ina ya khosi. Chakudya cholimba chinasiya kudutsa. Akagona chagada mpweya unkalira ngati wenzulo, ndiye ankagona chokhala, atatsamira khoma. M'mawa ankasanza, apongozi n'kumati masamba akutsuka m'mimba. Mwamuna wake anasiya kumuyang'ana pakhosi. Ankalankhula naye maso ali pazenera.

Sabata yachisanu ndi chimodzi, mwamuna atapita kukamangirira geti kwa kasitomala, achemwali anatulukira. Anangomuona kamodzi n'kutula dengu pansi.

"Vala nsapato."

"Akupita kuti?" anafunsa apongozi, akudzuka pamphasa. "Mwini wake kulibe."

"Mwini wake ndi uyu waima apayu. Mayi, ndakupatsani ulemu zaka khumi ndi zitatu. Lero mukaima pakhomopo ndikuwa mpaka mzere wonse uno utuluke, anthu adzaone khosi ili, muwafotokozere nokha za masamba anuwo."

Apongozi anayang'ana kunja, komwe amayi awiri oyandikana nawo anali ataima kale ndi zidebe. Anapatuka.

Kuchipatala, pabenchi yodikirira, munthu wina anamugwira phewa. Telala sanamuzindikire msanga. Anali mphunzitsi uja, masaya atadzaza, akukweza mkono momasuka.

"Diresi langa lija lili kuti?" anayamba mwanthabwala, koma ataona khosi la Telala mawu anamuthera. Anamuuza kuti pa anthu a m'kafukufuku muja, bambo wina mankhwala sanamuyanje ndipo anamwalira, awiri sizinasinthe, koma iye ndi ena zotupa zinali zitatsala pang'ono kutha. Telala anamuyamikira ndi mtima wonse, kenaka anapita kuchimbudzi n'kukalira.

Anamuyeza magazi ndi mkodzo, n'kumujambula pachifuwa. Dokotala anawaitanira m'kachipinda kake n'kutseka chitseko. Namwino uja anaima pakona, manja ali kumbuyo.

"Mwabwera, ndathokoza," anatero dokotala. "Ndikuuzani zonse mosabisa, monga ndinachitira poyamba. Malo anu ndinawasunga mpaka tsiku lija, kenaka anapita kwa wina. Ndikanatha kulemba kalata yokupemphererani kuti mubwerere, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Koma pali china. Muli ndi pakati, pa masabata pafupifupi asanu."

Achemwali anagwira pakamwa. Telala sanadabwe kwenikweni. Thupi linali litamuuza kale, iye n'kumakana kumva.

"Mankhwala aja sitingapereke kwa mayi woyembekezera. Sitidziwa chomwe asilikali odzutsidwa chotere angachite kwa mwana, ndipo malamulo a kafukufuku sandilola ngakhale nditafuna. Chachiwiri, matendawa alowa m'chifuwa. Sitikutayani. Tikupatsani zochepetsa kutupa kuti muzipuma bwino, ndi zoletsa ululu, ndipo tikhala pansi tikambirane za mimbayi ndi zomwe inu mungafune."

"Adokotala," anatero Telala, mawu akutuluka mokwekwereza, "ine ndimasoka. Munthu akabwera ndi nsalu yochepa ndimamuuza pomwepo kuti siikwana. Ndiuzeni."

Dokotala anavula magalasi.

"Mmene zikuthamangiramu, miyezi itatu. Mwina inayi. Ndikhoza kulakwitsa, ndipo ndingakonde nditalakwitsa."

Achemwali anafuna kupita naye kwawo, koma Telala anakana. Anati ali ndi mawu oti akatule yekha.

Anafika dzuwa litapendeka. Mwamuna wake anali atabwerako, ataima pakati pa balaza, mkwiyo uli pankhope. Apongozi anali pamphasa pawo. Kamwana kakang'ono kanali m'tulo kuchipinda.

"Ndiye wayamba kutuluka ngati mbuzi yopanda khola?" anayamba mwamunayo. "Ndinanena chiyani za chipatala chija?"

Telala anakhala pampando wa makina, n'kudikira kuti mpweya ubwerere.

"Musavutike, bambo. Mankhwala aja sindidzalandiranso. Andikana."

"Aha! Si ndinanena?"

"Andikana chifukwa ndili ndi pakati."

Apongozi anadzuka ngati mtsikana. Nthungululu inang'amba nyumba yonse. Anavina mozungulira mphasa, akuomba m'manja, akutchula dzina la malemu amuna awo.

"Wamwamuna ameneyu! Ndinalota ine, ndinalota! Mwana wanga, Mulungu wakuyankha!"

Nkhope ya mwamunayo inamasuka. Anaseka, n'kuyandikira mkazi wake koyamba m'masabata ambiri, dzanja litatambasulidwa. Telala anawasiya mpaka nthungululu itatha yokha.

"Mimbayi ili ndi mwezi umodzi," anatero. "Adokotala akuti ine ndatsala ndi miyezi itatu, ikachuluka inayi. Amayi, inu mwabereka kasanu ndi kawiri. Muuzeni mwana wanu kuti mimba imatenga miyezi ingati."

Dzanja la mwamunayo linaima m'malere. 

"Madokotala amanama," anatero apongozi, koma mawu anali atachepa. "Si Mulungu iwo aja."

"Lero ndakumana ndi mayi amene tinagona mabedi oyandikana," anapitiriza Telala, osawayang'ana. "Wanenepa. Wabwerera kuntchito. Mwina ine mankhwalawo sakanandiyanja, pali wina wamwalira. Sindidzadziwa. Inu simudzadziwanso."

Mwamunayo anakhala pansi penipeni, pasimenti. Anayang'ana khosi la mkazi wake nthawi yaitali.

"Tipite mawa," anatero. "Ndikawapepesa. Ndikagwada pamaso pa adokotala aja. Ndisayina chilichonse."

"Palibe chosayina, bambo. Sipankafunika dzina lanu ngakhale poyamba paja."

Kunja kunamveka mawu a ana akuchokera kusukulu, awiri aakulu aja, akukangana za yemwe wafika pageti poyamba. Apongozi anayamba kupinda mphasa yawo mwakachetechete, n'kumaipindanso.

"Ana akubwera," anatero Telala. "Ine mpweya wandithera, sindingathe kufotokoza kawiri. Muwauza ndinu. Muyambire pa tsiku lomwe munawatumiza kwa agogo awo, musadumphe kanthu."

"Mayi a ana, chonde."

"Aitaneni."

Mwamunayo anadzuka mogwira khoma n'kupita pakhomo. Ana aja atamuona anasiya mkangano n'kuthamangira kwa iye, wamkulu akukupiza pepala la mayeso m'mwamba.

"Ababa, ndakhala nambala wani! Amayi ali kuti, ndiwaonetse?"

Iye anaima pakhomopo, manja ali lende.

"Ndili muno, mwanangu," anatero Telala. "Lowani nonse, mukhale pansi. Bambo anu ali ndi mawu."